Chaka Chimene Damu Lachitatu Lidauma

Esinati ndi iwe Lameki, nkhani iyi ndi yanu. Mudakula mukumva kuti bambo anu adasankha madamu a zonyansa n'kusiya ana. Inu simudandifunsepo, inenso sindidakuuzenipo. Tsopano ndapuma ntchito, manja asiya kununkha, ndiye ndilembe mmene ndidazionera ine. Amene ali ndi nkhani ina alembe yake.

1988 mpaka 1993: m'tauni

Za ubwana wanga ku Dowa ndizidumpha, poti mulibe chimene mungatolemo kupatula mbuzi ndi mphere. Ntchito yanga yoyamba ndidaipeza m'tauni ya Lilongwe, kwa bambo wina wa mapaipi amene ankatsegula zimbudzi zamadzi zikatsekeka. Bamboyo adandiphunzitsa kuti payipi sitsekeka yokha. Tikafika pakhomo, mwini nyumba ankalumbira mpaka kuloza kumwamba kuti sadaponyemo kanthu, koma tikakoka waya pankatuluka sokosi, supuni, tsiku lina mpaka mutu wa chidole. Kuyambira pamenepo ndidasiya kumvera pakamwa pa munthu, ndinkamvera zotuluka m'payipi. Amayi anu ankandinena kuti ndimakayikira ngakhale tambala akalira pa nthawi yake. Sindikana, ntchito ndi imene idandilera choncho.

1994 mpaka 2004: madamu atatu

Mu 1994 ndidamva kuti pamishoni ina chakumpoto kwa Nsaru akufuna munthu woyang'anira madamu. Panali sukulu yogonera komweko, kachipatala ndi nyumba za aphunzitsi, ndipo madzi onse a m'zimbudzi, m'mabafa ndi kukhitchini ankatsetsereka m'mapaipi kupita ku madamu atatu amene adakumbidwa m'mphepete mwa dambo. Damu loyamba ndilo linkalandira zonse zili zaziwisi. Linali lakuya, lakuda bii, fungo lake lomveka ngakhale uli ndi chimfine. Zolemera zinkamira mmenemo, madzi apamwamba n'kusefukira m'damu lachiwiri lobiriwira ndi ndere, mmene dzuwa ndi mphepo zinkagwira ntchito yake. Pofika m'damu lachitatu madziwo ankakhala atayera moti achule ankaikiramo mazira. Akachoka apo ankadutsa m'ngalande ya bango n'kulowera kumtsinje. Panalibe injini, panalibe mankhwala. Madzi aja ankangofuna nthawi, ndipo ntchito yanga inali kuonetsetsa kuti palibe dontho limene ladumpha damu.

Abwana anga anali a Chikuse, oyang'anira nyumba zonse za pamishoni, munthu woyenda ndi mulu wa makiyi m'chiuno moti unkawamva asanaonekere. Nawonso ankakayikira aliyense, ndiye tidazolowerana msanga, ngakhale aliyense ankayang'ana mnzake ndi diso la m'mbali. Ukapempha magolovesi atsopano ankafuna kuona akale kaye, n'kulowetsa chala pobowoka paja kuti atsimikize kuti sunaboole dala. Magolovesi akasowa ndinkavala majumbo a shuga n'kumanga ndi linya m'mikono. Mapepala a kuchimbudzi akatha pasukulu, ine ndinkadziwa ahedi asanadziwe, chifukwa chisefa cha zitsulo cholowera ku damu loyamba chinkadzaza ndi zitsononkho. Chinanso chimene ndidaphunzira kumeneko n'chakuti njere ya tomato sifa m'mimba mwa munthu. M'mphepete mwa damu loyamba munkamera matimati okhaokha chaka chonse, ine n'kumadula ndi chikwakwa. Ku damu lachitatu sankamerako, njere zonse zinkakhala zitatsalira kumtunda.

Kunsi kwa madamuwo kunali madimba, kunsi kwa madimba kunali chitsime, ndipo patsidya pa chitsime panali mudzi wa amayi anu, Nankhoma. Ndidawakwatira mu 1996 n'kulowa chikamwini. Mwini mbumba anali atsibweni awo, a Zakeyu, mlimi wa fodya wodziwika dera lonselo. Iwowa ndi amene adandilozera pomanga nyumba, n'kundidulira munda. Sadali munthu waukali ayi. Ankaseka kwambiri, ndipo akafuna kukubaya ankayamba n'kukufunsa za thanzi la amayi ako. Ine ndinkadziwa malo anga. Nyumba inali pa dothi lawo, munda unali wawo, ngakhale inu ana anga mwa mwambo munali a mbumba yawo. Changa pamudzi paja chinali njinga ndi bokosi la zipangizo.

Chilimwe cha 2005

Mukudziwa kuti nazale ya fodya imafesedwa dzuwa lili pakati, madzi atathawa m'madimba. Chaka ndi chaka a Chikuse ankalola alimi kutunga ndi makeni madzi otuluka m'damu lachitatu, pangalande ya bango paja, kukathirira mabedi awo. Mbande zinkakula bwino ndithu. Koma munthu sakhuta. Tsiku lina a Zakeyu adandiimitsa panjira, keni ili m'manja.

"Akamwini, madzi mukutipatsawa ndi osukuluka," adatero akuseka. "Mphamvu yonse mumaitsekera kumtunda kuja, eti?"

"Apongozi, akuda ajawo ndi matenda okhaokha," ndidayankha nditatsika panjinga. "Sanapse. Amafunika adutse madamu onse atatu."

"Kodi ndowe ya ng'ombe timathira m'munda ija idaphapo ndani? Chakuda ndicho chili ndi mafuta, akamwini."

Tidaseka tonse, koma ine ndidaseka ndi mano okha. Galu wamkota sakandira pachabe.

Patapita milungu ingapo ndidayamba kuona zachilendo. Ana asukulu anali odzaza m'mahositelo, madzi ankalowa m'damu loyamba monga mwa masiku onse, koma osefukira m'damu lachiwiri anali ngati mkodzo wa mwana. Damu lachitatu lidayamba kubwerera m'mbuyo, n'kumasiya matope ong'ambika. Ndinali ndi nsungwi yanga yoyezera, ndipo m'mawa uliwonse inkandiuza zofanana: madzi akulowa, koma sakufika. Poyamba ndidanamizira dzuwa. Kenako ndidanamizira mfuko ndi nkhanu kuti zaboola chipupa cha damu, ndidazungulira chokwawa osapeza una. Ndidakayikira mlonda wa pamishoni, amene anali ndi nthochi zonona modabwitsa kuseri kwa nyumba yake. Ndidakayikira ophika a kukhitchini. Ndidafika mpaka potsegula zivindikiro zonse za m'njira ya mapaipi, chimodzichimodzi, anthu akundiyang'ana ngati ndapenga.

A Chikuse nawo anali ndi wawo womukayikira, ndipo ndinali ine. Adabwera ku madamu, n'kuima pachipupa atatseka mphuno ndi mpango.

"A Mvula, madzi alibe miyendo," adatero. "Kodi si inu mudakwatira kunsi kuja?"

"Ndine ndithu, bwana."

"Ndiye fufuzani bwino. Mwina yankho mumadya nalo mbale imodzi."

Mawu amenewo adandipweteka, makamaka chifukwa ndinali nditayamba kale kuganiza zomwezo.

Lamulungu lina masana ndidatsikira kumadimba ngati wongoyenda. Mabedi a a Zakeyu ndi a mabanja ena apachibale anali obiriwira mochita kuda, mbande zonenepa ngati zathiridwa feteleza kawiri. Anthu sankapitanso kungalande ya bango. Ankatunga m'dzenje latsopano limene adakumba pakati pa madimba, n'kuliphimba ndi udzu. Sindidafunikire kununkhiza. M'mphepete mwa mabedi, ndiponso kuzungulira dzenje lija, munali mutamera timatimati tambirimbiri, tothinana ngati tsitsi, pamene palibe adafesa. Ndidatsata timatimatito chokwera, ndipo tidanditengera m'kangalande kobisika ndi mapesi mpaka pansi pa chipupa cha damu loyamba. Pamenepo, pansi pa chitsa cha nsenjere, panali patatuluka payipi, madzi akuda akuchucha mwakachetechete. Dzenje lawo lija linali pamtunda penipeni pa chitsime chimene mudzi wonse unkamwa.

Koma chimene chidandidabwitsa koposa chinali payipiyo. Ndidaizindikira. Kumapeto kwake kunali kowauka, chifukwa ndine ndidaiwamba pamoto kuti ikule pakamwa, pa ntchito ina imene idalephereka. A Chikuse adandilola kuitenga, ndipo inkakhala kunyumba kwathu, mkati mwa mpanda, paseli pa bafa.

Nditafika kunyumba ndidapeza amayi anu akusenda mtedza pakhonde.

"Nankhoma, payipi ija inali paseli pa bafa ili kuti?"

"Payipi iti?"

"Yotuwa ija, yowauka kukamwa."

Sadadzutse mutu. "Pakhomo pano pamalowa anthu ambiri, bambo a Esinati."

"Paseli pa bafa pamalowa anthu ambiri?"

Apo adaika lichero pansi n'kundiyang'ana. "Kodi mukundifunsa, kapena mukundiuza?"

Ndidangolowa m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chimene ankachita ndinkachiona mwa mtundu wina. Akachedwa kuchitsime, ndinkati ali kwa atsibweni awo. Akandiikira ndiwo zabwino, ndinkati akunditseka pakamwa. Akakhala chete, ndinkati chikumbumtima.

M'mawa mwake ndidapita kwa a Zakeyu. Ndidawapeza akukonza chigafa, ndidanjuta chapatali monga mwa ulemu, n'kufotokoza zonse modzichepetsa: kuti madzi aja alowa pansi n'kukafika m'chitsime, kuti mvula ikangoyamba tidzanyamula ana kupita nawo kuchipatala, kuti ndikupempha payipi ichoke mwakachetechete nkhani isanafike kwa abwana.

"Amayi anu ku Dowa ali bwanji, akamwini?" adandifunsa.

"Ali bwino, apongozi."

"Tithokoze. Za payipi ine sindikudziwa. Mwina ndi anyamata. Koma ngati ilipo, itsala pang'ono kumaliza ntchito yake. Mvula ikagwa tiwokera mbande, basi nkhani yatha. Inu mungoyang'ana kumbali." Adamanga luzi, n'kuwonjezera akumwetulira: "Munda tidakudulirani uja ukubereka bwino, eti? Mkamwini asamakule mwendo."

Ndidayesa njira yamantha. Ndidatseka payipiyo ndi chiguduli ndi dongo, osauza munthu. M'mawa ndidapeza chiguduli changa chitayanikidwa bwinobwino pa waya wa mpanda, ngati akundithandiza kuchapa. Ndidatsekanso, adatsegulanso. Palibe adandinena kanthu. Pamudzi moni ankandipatsa monga kale, mwinanso kuposa kale, ndipo zimenezo ndi zimene zinkandiopsa.

Pamenepo ndidayamba kubwera ndi chigubu cha madzi a pampopi wa kusukulu, nditamanga panjinga, n'kulamula kuti inu awiri musamwenso a pachitsime. Iwe Lameki unali usanayambe sukulu, unkalira kuti madzi a m'chigubu akununkha pulasitiki. Koma pamudzi palibe chobisika. Tsiku lina mkulu wawo wa amayi anu, amake Feliya, adandiimitsa pafupi ndi chitsime, ndowa ili pamutu, amayi ena akumvetsera.

"Alamu, ana anu samwa nawo madzi a pano, eti?"

"Ndi a kumpopi aja angowazolowera, alamu."

"Azolowera mwezi uno? Mwaonamo chiyani m'chitsime muno? Tiuzeni, nafenso tili ndi ana." Adatsitsa ndowa. "Kapena mwathiramo chiyani?"

Pofika madzulo nkhani inali itazungulira mudzi wonse kuti mkamwini wa kumadamu wachita chipongwe pachitsime, n'chifukwa chake akubisa ana ake. Taonani mmene zidakhalira. Kuntchito ndinali wakuba madzi, kumudzi ndinali mfiti, ndipo m'nyumba mwanga ndinkagona ndi munthu amene sindinkamukhulupirira. Ndidakwiya koopsa. Komanso funso la amake Feliya linali loona, Feliya anali msinkhu wako Esinati, ndipo ankamwa madzi amenewo tsiku ndi tsiku. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndikazula payipi poyera ndazula nyumba yanga. Ndidazula.

Lolemba m'mawa ndidapita kwa a Chikuse n'kuwauza zonse, kupatula kumene payipi idachokera. Kwa nthawi yoyamba adatulutsa thumba la simenti osafunsa lakale. Tidatsika ndi wilibala dzuwa likuwala, anthu ali m'madimba ndi makeni awo. Ndidakumba, ndidakoka payipi ija n'kuiponya poyera, ndidatsira miyala ndi simenti, ndidakwirira kangalande ndi dzenje lomwe. Anthu adangoima, makeni ali m'manja. A kuchipatala adabwera kudzathira mankhwala m'chitsime n'kuuza anthu kuti aziphitsa madzi. A Chikuse ataiona payipiyo adaitembenuza ndi phazi, n'kuyang'ana kowauka kuja, n'kundiyang'ana ine. Kuyambira pamenepo mpaka tsiku limene adapuma ntchito sadandisiyirenso makiyi a sitolo ya zipangizo.

Ndidauza alimi kuti abwerere kungalande ya bango, koma kunalibe madzi. Damu lachitatu linali litauma gwa chifukwa cha payipi yawo yomweyo, ndipo kuti madzi adzaze lachiwiri n'kufikanso kumeneko pankafunika milungu. Dzuwa la Okutobala silidikira. Amayi a m'mudzimo adayesa kusenza madzi kuchokera kumtsinje, kutali, koma mbande zozolowera kukhuta zidayamba kufota, kenako kupsa. Ndinkaziona ndili pachipupa, mabedi akusanduka ofiira limodzi ndi limodzi. Chaka chimenecho mbumba yonse ya a Zakeyu sidawokere fodya wokwanira. Sindidzanama kuti sizidandikhudze. Amenewo anali anthu amene ndinkadya nawo, ndipo fodya ndiye anali sopo wawo, mchere wawo ndi yunifolomu ya ana.

Novembala 2005

A Zakeyu adaitanitsa ankhoswe anga kuchokera ku Dowa. Tidakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya a Zakeyu, amuna uku, amayi uko. Palibe adatchula payipi, palibe adatchula chitsime. A Zakeyu adayamba n'kuyamikira kuti ndakhala nawo bwino zaka zonsezi, kuti sindimwa mowa, kuti sindidamenyepo mwana wawo. Kenako adati munda uja watopa, akufuna aupumitse. Adatinso malo a nyumba yanga akufunika kwa mdzukulu wawo amene akukwatiwa.

"Sitikuthamangitsa munthu ayi," adatero. "Koma mlendo ndi mame. Akamwiniwa ntchito yawo amaikonda, ndiye akakhale nayo pafupi."

Ankhoswe anga adayesa kupepesa, koma mawu awo ankangogwera pansi. Pomaliza adafunsa amayi anu ngati ali ndi mawu. Iwo anali atakhala pamphasa, miyendo atatambasula, akuyang'ana zala zawo. Adadzutsa mutu n'kundiyang'ana ine, nthawi yaitali ndithu. Ine m'mutu mwanga munali funso limodzi lokha: kodi ndi iwo adapereka payipi? Ndidayang'ana kumbali. Iwo adati, "Ndilibe mawu."

Ndidanyamula bokosi langa panjinga n'kukwera kumadamu. A Chikuse adandipatsa kachipinda kamene tinkasungiramo mafosholo, ndipo ndidakhala mmenemo mpaka adandimangira kanyumba. Ndikaima pachipupa cha damu lachitatu ndinkaona denga lanu. Zotsalazo mukuzidziwa: munkabwera Loweruka, ndinkakugulirani makope, ndinkafika pamaliro ndi pamaukwati n'kukhala kumbali ya alendo. Amayi anu sadakwatiwenso, inenso sindidakwatire. Tikakumana panjira tinkapatsana moni waulemu ngati anthu a mpingo umodzi. Ndinkati ngati alibe mlandu abwera okha kudzandiuza. Sadabwere, ndipo ine ndidatenga kusabwerako ngati umboni.

Chaka chatha

Nditapuma ntchito ndidapereka nsungwi ndi chikwakwa kwa mnyamata amene adalowa m'malo mwanga, n'kuyamba kulongedza zobwerera ku Dowa. A Zakeyu adamwalira kalekale, a Chikuse nawonso. Amene adatsala wodziwa nkhaniyi anali mmodzi, ndipo ndidati sindingachoke ndi funso langa m'mimba. Ndidatsika kudutsa madimba, kudutsa chitsime chija, chimene pano adachimangira ndi kuikapo mjigo. Ndidawapeza amayi anu akusankha nyemba pakhonde, tsitsi litayera ngati langa. Adandiyalira mphasa, adandifunsa za miyendo yanga, ine ndidafunsa za msana wawo. Tidakamba za inu ndi za adzukulu. Kenako ndidakhosomola.

"Nankhoma, ndikupita kwathu. Koma pali chimene ndakhala ndikufuna kufunsa zaka zonsezi."

Manja awo adaima m'lichero. Adakonza mpango kumutu, n'kundiyang'ana monga adandiyang'anira pansi pa mango paja. "Funsani, bambo a Esinati."

"Payipi ija. Kodi mudapereka ndinu?"

Adaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe, n'kupukusa mutu.

"Payipi," adatero. "Tsiku lija pabwalo ndinkadikira kuti munene kuti, Nankhoma, nyamula ana tizipita. Zovala ndinali nditamanga kale m'chitenje, zili kuseri kwa chitseko. Mudayang'ana kumbali. Lero mwatsika phiri lonseli ndi miyendo yowawayo, ine ndimati mwina mwakumbuka. Kani mwabwerera payipi."

Iwo adaweramira m'lichero n'kupitiriza kusankha nyemba, zabwino uku, zofumbwa uko. Ndidakhala pamphasa paja mpaka dzuwa lidapendeka, ndipo sadandithamangitse. Za payipi sadayankhe, inenso sindidafunsenso.